Dzino Limene a Gilibati Ankalidikira

Ku Mitundu kuno, munthu ukazulitsa dzino, pakamwa pako pankaleka kukhala pako. Pankasanduka pa a Gilibati. Inu obwera dzana simunawaone, ndiye ndikuuzeni, ngakhale nkhani yawo masiku ano timakonda kuikamba dzuwa likadalipo. Sanali adokotala, sanali alonda a pachipatala, ngakhale tsache la kumeneko sanaligwirepo. Anali nkhalamba chabe, ya njinga yakuda ya kalekale, jekete la khaki lofika m'mawondo ngakhale mu Okutobala, ndi mphuno yomva dzino lovunda mwini wake akadali pa Bunda.

Ukangotuluka pa geti la chipatala, thonje lili mkamwa, tsaya litachita dzanzi ngati lobwereka, unkangomva belu pambali pako.

"Kwerani."

Iwe n'kuloza ndi chala kuti kwanu m'pafupi.

"Musayankhe. Lumani thonjelo. Kwerani."

Ndipo unkakwera. Anakwerapo aphunzitsi, anakwerapo amayi a chigwirizano, anakwerapo wapolisi wina wa mimba yake mpaka kaliyala anapindika ngati chikwakwa. Sankapempha kanthu kwa munthu. Ukafuna kuwapatsa nkhuku ankakwiya, n'kunena kuti nkhukuyo uisunge udzadye chilonda chikapola, koma udzawaitane. Chimene ankafunsa n'chimodzi: "Dzino lili kuti?" Ankafuna ulitenge pa kapepala, ndipo akakufikitsa ankalikwirira okha kuseri kwa nyumba yako. "Munthu asamamwazike," ankatero. "Tsiku lomaliza mudzalifuna kuti?"

Chiphunzitso chawo ana a sukulu ankachiloweza kuposa katekisimu. "M'dzenje mwachoka dzinomo mwagona khanda," ankatero, kunena magazi aja amaundana pachilonda. "Mukalavula, mwalitaya. Mukachukucha lero, mwalikokolola. Mukasuta fodya, mwalitsamwitsa. Mukamwa tiyi wotentha, mwaliphika. Mukaligunda ndi lilime, ndinu mfiti. Lisiyeni ligone, likule, litseke khomo lokha."

Dzino akakwirira sankabwerera ayi. Ankayamba chipikisheni. Nzimbe, chimanga chokazinga, mtedza, machesi otokosera, zonse zinkalowa m'matumba a jekete lija. Kenako ankatulutsa filizi wouma gwa, wokulunga pa kansalu, n'kukugwiritsa patsaya. Pilo akachepa ankakutsamiritsa thumba la gaga kuti mutu ukhale m'mwamba. Khasu ankalibisa kuseri kwa nkhokwe. Chakudya chako chinali phala lozizira, nthochi yakupsa, peyala lophwanya ndi supuni, chambiko ngati mwayi ulipo. Mawa lake ali pakhomo ndi kapu ya madzi ofunda a mchere. "Lero mukhoza kuchukucha, koma mwaulemu, ngati mukuyankhula ndi apongozi. Osalavula ngati njoka. Ingotsegulani pakamwa madzi agwe okha."

A Matthews a kumsika, aja okonza mawailesi, anayesa kutsutsa. Anayankhula cha m'mphuno kuti kachasu amapha tizilombo.

"Amaphadi," a Gilibati anavomera. "Amaphanso khanda. Bweretsani ndikusungireni."

A Matthews atachira anakafunsa botolo lawo, n'kulipeza lili mbee.

"Nanga si munati mukundisungira?"

"Ndasunga malo amene simungafikepo," a Gilibati akusisita pamimba.

Abusa ena a mpingo wa zokuzira mawu anazulitsa Loweruka, Lamulungu n'kuumirira kulalika. A Gilibati, amene tchalitchi chawo chinali china, anakakhala benchi la kutsogolo. Abusa akangoti akweze mawu kudzudzula Satana, a Gilibati n'kukweza dzanja. Abusa n'kutsitsa. Ulaliki wonse unatha mwa manong'onong'o, Satana anadzudzulidwa ngati mwana wa alendo, ndipo amayi ena anati sanamvepo uthenga wowafika pamtima ngati tsiku limenelo.

Bambo winanso, dzina ndilibisa poti akadali moyo ndipo ali ndi ndodo, mkazi wake atazulitsa anawakokera a Gilibati pambali. "Kodi zosayankhulazi sizingafike mpaka mwezi utatha?" A Gilibati anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuwapatsa mthiko. Bambo uja anaphika phala, anatunga madzi, anachapa matewera, mayi ali gone pamphasa akulamula ndi chala. Atachira mayiwo anayamba kufunsa ngati palibe dzino lina logwedera.

Tsono anthu a mtima wabwino amati a Gilibati ankachita zonsezi chifukwa iwo anazulidwa dzino ndi pulayala ku esiteti ya fodya ku Kasungu ali mnyamata, n'kutupa mutu mpaka chipewa kukana. N'zoona, zinachitika. Koma ife owadziwa tili ndi chifukwa china. A Gilibati anali munthu wa nkhani, ndipo nkhani zawo zinalibe khomo lotulukira. Akayamba ya lole imene inatitimira pa Bua, ankayambira kwa agogo ake a dalaivala. Akafika pa bawo, anthu ankakumbukira mwadzidzidzi kuti mbuzi sanazimasule. Ndiye Mulungu anawaonetsa mtundu umodzi wa anthu umene sungathawe, sungayankhe, sungatsutse: munthu woluma thonje. Ankakoka mpando pafupi ndi mphasa yako, n'kuyala miyendo, n'kuyamba. Iwe "mmm" basi, ndipo "mmm" aliyense iwo ankamumva ngati "pitirizani". Koma chodabwitsa n'chakuti amene anadutsa m'manja mwawo ankachira bwinobwino, osatupa, osanunkha. Ena ankati ndi mchere uja. Ena ankati chilonda chinkafulumira kupola kuti nkhani ithe.

Munthu mmodzi yekha ndiye analumbira kuti kaliyala ameneyo sadzamukwera: alamu awo, a Luka. A Gilibati kwawo kunali ku Nathenje, kuno anabwera ngati mkamwini atakwatira Tiyanjane, mlongo wa a Luka. Ndipo a Luka anali ndi matenda awoawo: sankalola munthu kumaliza mawu. Ukati "Dzulo ndinapita..." iwo ali kale, "Ku Lilongwe, ndikudziwa, minibasi zake zodzaza zija." Pemphero la chakudya ankalidula ndi "Ameni" lisanafike pa ndiwo. Ndiye taganizani: wosadziwa kumaliza nkhani, ndi wosalola nkhani kufika pakati, nyumba zawo zoyang'anana.

Tiyanjane atamwalira, mwambo unali wodziwika. Maliro akatha, akuchikazi amasudzula mkamwini, kumumasula kuti abwerere kwawo. Ana analibe oti awagwire mwendo. Ku Nathenje kunali kutatsala chitsa cha mango ndi abale a patali osawadziwa nkhope. A Gilibati anamanga katundu pa njinga: mphasa, wailesi, mpando umodzi. Abale atasonkhana pansi pa mtengo, wamkulu wina anayamba kuti, "Tsono poti mwana wathu wapita, bambowa..."

A Luka, amene anali mwini mbumba, anadula.

"Bambowa sapita kulikonse. Akapita ndizitukwana ndani? Tsitsani mphasayo, mukuchititsa manyazi njinga."

Nkhani inathera pomwepo. Nyumba inakhala yomweyo, munda womwewo.

Kuyambira tsiku limenelo a Gilibati anali ndi mawu amene ankafuna kuwauza alamu awo. Sichinali chinsinsi, mudzi wonse unkadziwa kuti akufuna kuthokoza. A Luka nawo ankadziwa, n'chifukwa chake ankathawa. Munthu uja ukamutukwana ankasangalala, ukamunamizira ankaseka, koma ukati umuthokoze ankatuluka thukuta, thupi kuyabwa ngati wagona pa chitedze.

"Alamu, za tsiku lija pansi pa mtengo..."

"Mtengo umenewo ndiudula, ukugwetsa masamba padenga."

"Ayi, ndimati tsiku lija munanena kuti..."

"Ndinanena kuti mbuzi zanu zikudya chinangwa changa. Ndikunenanso."

Zaka zinapita chomwecho. Imvi zinamera nyumba zonse ziwiri, mawu aja osadutsa pa mtengo.

Ndiye dzino la a Luka linayamba. La kumanzere, pansi, la kumapeto kwenikweni. Anayesa kubisa, koma mungamubisire bwanji munthu amene waona kale kuti chimanga chowotcha mukutafunira mbali imodzi ngati mbuzi? Tsiku limenelo a Gilibati anapukuta njinga, anathira mafuta tcheni, n'kusokerera kapilo katsopano pa kaliyala.

Moni wa m'mawa unasanduka wa anthu awiri.

"Mwadzuka bwanji alamu? Nanga mnzathu wa kumanzereyo wagona bwanji?"

"Wagona bwino kuposa inu."

"Muuzeni asachite manyazi. Galimoto ilipo."

"Dzino ili ndidzapita nalo kumanda."

"Kumandako ndidzakuperekezaninso. Kumeneko ndiye simudzandidula mawu."

A Luka anayesa zonse. Adyo, phulusa la fodya, mizu ya kwa sing'anga wa ku Dzalanyama, ngakhale dontho la mafuta a buleki limene anawapatsa makaniko wina wopanda chisoni. Dzino linkagona kwa kanthawi, n'kudzuka litanola mipeni. Jakisoni sankamuopa, chitsulo chozulira sankachiopa. Ankaopa mphasa, thonje, ndi phokoso la mpando uja ukukokedwa kufupi.

Pamene dzino linkakula mphamvu, a Gilibati ankatha. Miyendo inayamba kutupa, mpweya kuchepa. Poyamba ankangokankha njinga, wodwala atakhala pa kaliyala. Kenako zinatembenuka: wozulidwa dzino ndiye ankapalasa, thonje lili mkamwa, iwo ali kumbuyo pa kapilo kaja akulamula, "Pang'onopang'ono, magazi angathamange." Anthu ankaseka, koma ankapalasa. Nkhani zawo zinayamba kufupika, osati kuti anaphunzira, koma mpweya unkawathera pakati pa Bua, lole isanatuluke m'matope.

Tsiku lina a Gilibati anawapeza a Luka pakhonde atagwira tsaya, diso la kumanzere likutuluka misozi palokha. Sanaseke.

"Alamu, musachedwe nalo. Ine sindili bwino."

"Inu simunakhalepo bwino chibadwire."

"Ndikunena zoona. Mukhale chete kamodzi kokha, ndinene zanga, basi."

A Luka anayang'ana miyendo ija, yonyezimira ngati mabotolo. Mumtima mwawo munali kaganizo kamene sanauzepo munthu: kuti nkhalambayi ikukhalira moyo mawu amenewo, ndipo ikangowanena idzapinda mphasa n'kupita. Ndiye anachita zimene ankazidziwa.

"Nkhuku zanu zalowanso m'dimba mwanga," anatero.

Tsaya litatupa ngati abisamo mango, a Luka anapanga nzeru. Tsiku la msika, anthu ali pikitipikiti, anazemba kudzera kuseri kwa chigayo n'kukwera njinga yamoto ya ku Nathenje, kumene mwana wawo wamkazi amagulitsa kaunjika. Kumeneko kuli kachipatala kena kolipira. Anawazula bwinobwino, dzino linatuluka ndi mizu yake ngati chinangwa. Mtsikana wozulayo anayamba kufotokoza, "Tsono agogo, lero musa..."

"Ndikudziwa, ndikudziwa," a Luka kudzera m'thonje. "Ndakhala moyang'anana ndi wailesi ya zimenezi zaka zonsezi."

Ankadziwadi, ndipo anachita dala. Dzino analisiya m'mbale momwemo. Thonje analilavula pakhomo. Pa depoti anamwa tiyi wa mkaka wotuluka nthunzi. Anapichira chingambwe n'kusuta mpaka kuwotcha zala, maso ali cha ku Mitundu ngati akuti bwerani mundiletse. Atafika kwa mwana wawo anachukucha ngati akutsuka mgolo, n'kutokosa ndi kamtengo ka machesi kuti aone kuzama kwake. Malamulo onse a alamu awo anawaphwanya mwadongosolo, osadumphapo limodzi. Maganizo anali oti akhale komweko mpaka chilonda chipole, adzabwerere akuseka, adzayasamule pamaso pa a Gilibati n'kunena kuti, "Mnzanu uja anasamuka."

Khanda lija linachoka. Posakhalitsa unabwera ululu umene dzino lenilenilo silinaufikepo. Unkayambira m'dzenjemo, kukwera m'khutu, kukagogoda kuseri kwa diso. Mkamwa munkanunkha ngati mwafera khoswe. Nsagwada zinauma, supuni kulowa mopempha. A Luka, munthu wodula mawu a mafumu, anatsala ndi "mmm".

Ali chigonere pa mkeka kuseri kwa nyumba masanasana, mwana wawo anabwera foni ili m'manja, osaiika kukhutu, osaiika m'thumba.

"Ababa, akuti a Gilibati."

Zimene zinachitika n'izi. Tsiku la msika lija wina anawauza a Gilibati kuti alamu anu apita kukazulitsa. Iwo anavala jekete, anakankha njinga mpaka pa geti la chipatala cha kuno, n'kukhala pa benchi limene ankadikirirapo odwala. Anthu anawauza kuti a Luka awaona akulowera cha ku Nathenje. "Adzera pano," anayankha. Mawa lake anabweranso. Mkucha wake anabweranso. Akafika ankagula filizi, n'kumukulunga pa kansalu, n'kumugwira m'manja mpaka asungunuke. Tsiku lomaliza mayi wogulitsa nthochi pagetipo anaona madzi ofiira akudonthera pa nsapato zawo, iwo osasuntha phazi. Anapita kukawagwedeza.

A Luka anafika pamaliro atamanga mpango kuchokera kuchibwano mpaka pamutu, ngati malemu ndi iwo. Anakhala pa mpando kunja kwa siwa. Anthu ankabwera kudzawapepesa, iwo "mmm". Abale awiri ochokera ku Nathenje anafunsa ngati thupi lipite kwawo. A Luka anangoloza ndi ndodo kumanda kumene kuli Tiyanjane, ndipo abalewo sanafunsenso.

Tsono kwathu kuno maliro a nkhalamba sayenda popanda adzukulu. Awa ndi anthu a mudzi wina amene timaikirana maliro. Amakumba manda, amaphika, ndipo ali ndi ufulu woseka malemu pamaso pa anamfedwa, kuvala zovala zake ndi kumuyerekeza, kuti misozi ipumeko. Woopsa mwa onse ndi Lily, mayi wa zitumbuwa, wamtali ngati chitseko cha tchalitchi. Dzuwa lili paliwombo, amuna akadali kumanda, kwaya itatopa, tinangomva belu kuseri kwa nyumba.

A Luka anadzidzimuka mpaka ndodo inagwa.

Anatulukira Lily, jekete la khaki pamwamba pa chitenje, chipewa cha malemu kumutu, akukankha njinga ija ndi kayendedwe komwe kaja kokoka mwendo. Anthu anaseka mpaka ena kugwera pa anzawo. Anayenda pakati pa khamu akununkhiza m'mwamba, kuyasamulitsa amayi a chigwirizano, kulanda anthu nzimbe. Atafika pa a Matthews anawapisa m'thumba n'kutulutsa kabotolo koti awasungire. Kenako mphuno inamutsogolera kwa a Luka, ndipo anaima.

"Ohoo. Mnzathu wa kumanzere uja anasamuka osatsanzika?"

Anthu anaomba m'manja.

"Ali kuti? Munamusiya ku Nathenje, kwathu? Ndiye tasinthana, alamu. Ine kwanu, iye kwathu. Munalavula?"

"Mmm."

"Munasuta?"

"Mmm."

"Tiyi?"

A Luka anagwetsa maso.

"Mwapha khanda, alamu. Khanda losalakwa. Anthuni, kauzeni akumanda akumbe awiri!"

Kuseka kunamveka mpaka kumsewu. Lily anakoka mpando, mpando womwe uja wa a Gilibati, n'kuuika pafupi, n'kukhala, n'kuyala miyendo. Anapisa m'thumba la jekete kufuna china choseketsa, dzanja n'kutuluka ndi kansalu kothimbirira ndi zofiira. Anakayang'ana kanthawi ngati sanayembekeze kukapeza. Kenako anatsokomola monga ankatsokomolera malemu.

"Alamu, za tsiku lija pansi pa mtengo..."

Aliyense anatembenukira kwa a Luka, kumwetulira kuli kale pakamwa, kudikira mbuzi, nkhuku, kapena masamba a padenga. Sewero linkayenera kuthera pamenepo. Lily mwini wake sankadziwa mawu opitirira apo, pakuti panalibe wamoyo amene anawamvapo. A Luka anatsegula pakamwa. Akanatha kudula, musanamizidwe. "Mbuzi" ndi mawu aafupi, ngakhale nsagwada youma imawatulutsa. Anayang'ana jekete lija, mabatani ake osiyana mitundu, kolala yake yoda ndi thukuta la zaka. Chimene ankachiopa chinali chitachitika kale, chili m'bokosi m'nyumbamo. Anatseka pakamwa, n'kuika manja onse awiri pa mawondo ngati mwana wa sukulu.

Ngakhale mapoto kuseri analeka kulira.

Lily anayang'ana uku ndi uku kufuna womupulumutsa. Panalibe. Kenako mapewa ake anagwa, mutu unapendekeka, ndipo mawu amene anatuluka anali otsika, a mpweya wochepa, opumira pakati. Ine ndinali pafupi ngati apa ndi apo, ndipo ndinawamva ndi makutu anga.

"Tsiku lija, alamu, ine njira ya ku Nathenje ndinali nditaiiwala. Mphasa ndinamanga pa njinga, koma sindinkadziwa kuti ndikafika pa mphambano ndikhotera kuti. Ndinkangoti ndipalasa mpaka tcheni chiduke. Inu munati tsitsani mphasayo. Ndinatsitsa. Ndagonapo zaka zonsezi, pafupi ndi pamene pagona mkazi wanga, kudzutsidwa ndi tambala wa kwanu, kutukwanidwa m'mawa uliwonse. Mukanandiona ngati mlendo simukananditukwana choncho. Zikomo, alamu."

Mawuwo anapuma, akufunafuna mpweya.

"Ndamaliza. Mwaona? Sinali yaitali."

Misozi ya a Luka inkatsikira mu mpango. "Mmm," anatero, atatambasula dzanja kuti agwire mkono wa jekete. Koma Lily anadzidzimuka ngati wodzutsidwa kutulo. Anavula jeketelo msangamsanga, analiponya pa njinga, n'kuthamangira kuseri kukasamba m'manja ndi kumaso. Pambuyo pake amayi anamufunsa kuti mawu amenewo anawatenga kuti.

"Mawu ati? Ine ndinalekera pa mtengo."

Ena amati ananama, ndi katswiri wa sewero, ndipo zimenezo aliyense akanatha kuzipeka. Mwina. Koma chichokereni tsikulo Lily savalanso zovala za malemu aliyense. Amangophika.

Titabwera kuchokera kumanda a Luka sanalowe m'nyumba. Anapita okha pa njinga ija, anakhala pa kaliyala, n'kudikira. A Matthews ndiwo anapalasa mpaka kuchipatala. Kumeneko anatsuka dzenje lija, anaikamo mankhwala, anawapatsa mapiritsi, ndipo namwino anafotokoza malamulo onse kuyambira loyamba mpaka lomaliza, a Luka akungogwedeza mutu. Atabwerako anakagona m'nyumba ya a Gilibati, mutu pa thumba la gaga. Phala ankalidikira lizizire. Madzi a mchere ankawasiya agwe okha. Fodya anagawira anthu. Khasu analibisa okha kuseri kwa nkhokwe, ngati angaiwale pamene aliika. Mpando anauika pafupi ndi mphasa, ndipo mwana wawo atabwera ndi phala n'kufuna kukhalapo, anamuloza pansi. Ululu unatsika pang'onopang'ono, fungo linatha, chilonda chinatseka bwinobwino. Tinati munthu wachira.

Masiku ano pa geti paja pali anyamata a njinga zamoto, nyimbo zili m'makutu. Amakunyamula mwaulemu, amakutsitsa pakhomo, amapita. Ukafuna kulavula, lavula, palibe akukuona. Anthu amatuluka ndi thonje lawo n'kuima kaye pang'ono, ngakhale ena amene a Gilibati sanawadziwe n'komwe, osadziwa kuti aimiranji. Mayi wa nthochi anasamukira tsidya lina la msewu, akuti mbali ija kumazizira.

Koma chimene chinatisokoneza kwambiri ndi a Luka. Anasiya kudula mawu. Poyamba tinakondwa, tinati tsopano tiyankhula. Sitinadziwe. Pa bawo umayamba nkhani, umaikoka, umafika kumapeto, n'kupeza kuti kumapetoko kulibe kanthu, zaka zonsezi unkadalira a Luka kuti akupulumutse usanafike. Ndiye umangosiya, manyazi ali nawe. Koma iwo sasiya kumvetsera. Amakhalabe chete, mutu atapendeketsa, maso ali pamwamba pa phewa lako pang'ono, ngati kumbuyo kwako kwaima wina amene amadikira kuti uthe iye ayambe. Tonse timadziwa kuti kulibe munthu. Koma palibe amene amatembenuka.